Ulendo wanga woyamba wokaoda ku Guangzhou, ndi pomwe mpamba unadukira

Ndili ndi kashopu ka nsapato za amayi ndi zovala za ana ku Limbe. Kwa zaka 6 ndinkakaoda katundu ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, ndipo pafupifupi katoni iliyonse imene ndinkakwezetsa m'basi inali ndi zilembo za Chitchaina. Mtima unkangondiuza kuti, bwanji osapita kuchitsime komweko m'malo motunga m'ndowa ya mnzako? Mu 2023, dziko la China litatsegulanso malire pambuyo pa mliri wa Covid-19, ndinamanga mfundo yopita ku Guangzhou. Amayi anzanga angapo akhala akundifunsa njira, ndiye ndaona kuti ndilembe zonse mmene zinayendera, zowawa zomwe, kuti amene akupita koyamba asagwe m'dzenje lomwe ndinagwamo ine.

Mpamba wanga wogulira katundu unali madola 8,000. Zina zinali zosunga zanga, zina ngongole ya kubanki mkhonde, ndipo zina ndi zimene bambo a kunyumba ankasungira malata a nyumba yathu. Chaka chimenecho madola ankasowa kwambiri, moti kuti akwane zinanditengera miyezi. Cholinga chinali chimodzi: katundu afike kumayambiriro kwa Disembala, ndigulitse pa Khirisimasi, ndibweze ngongole amayi asanagawane ndalama kumapeto kwa chaka.

Nambala ya ajenti ndinaipeza kwa mnzake wa mnzanga. Anali bambo wa ku Africa konkuno amene wakhala ku Guangzhou zaka zambiri ndipo Chitchaina amachiyankhula ngati madzi. Iyeyo ndiye anandipezera kalata yondiitana, ndipo ndinapatsidwa visa ya bizinesi ya masiku 30. Sindinafunse wina aliyense amene anagwirapo naye ntchito. Ndinkangoti poti ndi wakhungu langa, sangandipweteke.

Ndinanyamukira ku Chileka, kudzera ku Addis Ababa, n'kutera pabwalo la ndege la Baiyun Lolemba pa 25 Sepitembala. Kunja kunali kotentha ngati ku Nsanje, koma kwachinyezi, thukuta losauma. Vuto loyamba linali la foni. WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira ntchito pa intaneti ya ku China, ndipo ine sindinkadziwa. Ndinatha masiku awiri osalankhula ndi kunyumba, bambo akuganiza kuti mwina ndasochera. Kumeneko zonse zimayendera WeChat: kulemberana, kuimbirana, kutumizirana zithunzi za katundu, ngakhale kulipira nthochi pamsewu. Itsegulireni muli kwanu, ndipo a kunyumba akhalenso nayo, chifukwa nthawi zina akaunti yatsopano imafuna kuti munthu amene ali nayo kale akuchitireni umboni.

Ajenti ananditengera ku Xiaobei, dera limene amalonda a ku Africa amakonda kufikira. Pafupi ndi nyumba yaitali ya Tianxiu mumamva Chifalansa, Chiswahili, Chilingala ndi Chihausa mumsewu umodzi, ndipo Asilamu a ku China komweko amawotcha nyama ndi buledi wawo m'mbali mwa njira. Ugali ndi nsomba zimapezeka, ndiye za njala musade nkhawa. M'malo mwa hotela, anandiika m'nyumba ina ya m'mwamba momwe munkagona amayi anayi, ma yuan (ndalama ya ku China) 120 pa tsiku. Ndinasangalala kuti ndapulumutsa ndalama. Chimene sanandiuze n'choti lamulo la ku China limafuna mlendo aliyense alembetse kupolisi komwe akugona pasanathe maola 24. Ukagona kuhotela, a hotela amakulembetsera okha. Ukagona m'nyumba ya munthu, iweyo kapena mwininyumba amayenera kukalembetsa n'kukatenga kapepala. Kapepala kameneka kadzabweranso m'nkhaniyi.

Kukula kwa mzindawo n'kosasimbika kwa munthu amene sanauone. Kalembera wa 2020 anapeza anthu opitirira 18 miliyoni mu Guangzhou mokha, kuposa amene anawerengedwa m'Malawi monse mu 2018. Ine ndinkaganiza kuti ndikupita kumsika umodzi waukulu, Kariakoo wonenepa. Ayi. Katundu aliyense ali ndi dera lake. Zovala zili ku Baima pafupi ndi siteshoni yakale ya sitima, zotchipa kwambiri zili ku Shahe, nsalu zili ku Zhongda, zidole ndi zokongoletsera zili mumsewu wa Yide, zikwama zachikopa zili cha ku Sanyuanli. Wofuna matailosi ndi mipando amapita ku Foshan, wofuna mafoni amakwera sitima kupita ku Shenzhen, ndipo majinzi amasokedwa ku Xintang. Kuchoka dera lina kupita lina n'kukwera sitima yapansi pa nthaka, imene ndi yotchipa ndipo mayina a masiteshoni amalembedwanso m'zilembo zathuzi.

Chachiwiri chimene ndinachedwa kumvetsa: mashopu ambiri amene mumawaona ndi mawindo chabe a mafakitale omwe ali kutali. Pali katundu wa mitundu iwiri. Wina ndi amene alipo kale, eni ake amati xianhuo, mumalipira lero n'kumunyamula lero kapena mawa. Wina ndi wochita kuoda: mumasankha sampulo, mumapereka dipoziti, kawirikawiri 30 peresenti, fakitale n'kuyamba kupanga. Zovala za ana ndinagula zimene zinalipo kale, za madola pafupifupi 2,800, ndipo pofika Lachinayi zinali zitafika kunyumba yosungiramo katundu. Pa nsapato ndi pomwe ndinachita zazikulu msanga.

Lachitatu pa 27 tinalowa m'nyumba ina yosanjikizana yodzaza ndi mashopu a nsapato. Ndinaona nsapato yafulati yakuda, ya lamba wopyapyala, imene ndinadziwa kuti amayi a m'maofesi ndi a kutchalitchi angailimbirane. Mtsikana wa m'shopumo anatenga kalikuleta yaikulu, n'kulemba nambala, n'kuonetsa ajenti. Ajenti anailandira, chala chake chachikulu chinagunda batani limodzi, kenako analemba 28 n'kunditembenuzira. Ndinachiona chala chija. Ndinachiona bwinobwino, koma ndinadziuza kuti mwina akusintha ndalama kapena akunenerera. Ma yuan 28 anali madola osakwana 4, pamene ku Kariakoo nsapato yotere ndinkaigula pafupifupi kawiri mtengo umenewo. Mutu unazungulira ndi phindu. Ndinaoda mapeyala 1,200, makatoni 50 a mapeyala 24, zonse ma yuan 33,600, ndipo ndinapereka dipoziti ya ma yuan 10,080. Ndinauza ajenti pakamwa kuti saizi zikhale 38 mpaka 42, chifukwa mapazi a makasitomala anga ndimawadziwa. Anagwedeza mutu, analankhula ndi mtsikana uja, lisiti linalembedwa m'Chitchaina m'dzina lake, ine n'kulipinda osaliyang'ana. Anati masiku 15.

Potuluka, mwini shopu anandipatsa kakeke kozungulira, kolemera m'manja, kosindikizidwa maluwa pamwamba. Nditakadula madzulo ndinapeza phala lotsekemera la njere za lotus, ndipo pakati pali yolk ya dzira la bakha yamchere. Ndinadya n'kumati anthu ake ndi aulemu. Sindinadziwe kuti kakeke kameneko kakundiuza kuti tchuthi chafika.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa ku Tanzania amene tinkagona nyumba imodzi, yemwe wakhala akubwera ku Guangzhou kwa zaka zoposa 10. Tinkamvana m'Chiswahili changa cha ku Kariakoo, ine ndinkawatcha Mama. Atamva tsiku limene ndaoda anagwira pakamwa.

"Dada, wabwera sabata yolakwika. Mawa lake la mawa dziko lonse likutseka."

Chaka chimenecho chikondwerero cha mwezi, chomwe amadyera makeke aja, chinagwa pa 29 Sepitembala n'kulumikizana ndi tchuthi chokumbukira kukhazikitsidwa kwa dziko pa 1 Okutobala. Tchuthi chonse chinali masiku 8, mpaka pa 6 Okutobala. Ogwira ntchito m'mafakitale a m'chigawo cha Guangdong ambiri ndi ochokera kuzigawo zakutali, ndiye tchuthi chikafika amakwera sitima kupita kwawo. Mama anandiwerengera nyengo zitatu zimene wamalonda ayenera kuzidziwa asanagule tikiti. Yoyamba ndi imeneyi ya kumayambiriro kwa Okutobala. Yachiwiri, yoopsa kuposa zonse, ndi Chaka Chatsopano cha Chitchaina, chimene chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, pomwe mafakitale amatha kutseka masabata angapo. Yachitatu ndi chionetsero cha malonda cha Canton Fair, chomwe chimachitika kawiri pachaka, kuyambira pakati pa Epulo ndi pakati pa Okutobala. Nthawi imeneyo mzinda umadzaza ndi ogula akuluakulu, malo ogona amakwera mtengo, ndipo wa makatoni 50 ngati ine amaikidwa kumapeto kwa mzere. Ine ndinalowa pakati penipeni pa ziwiri mwa nyengo zimenezi.

Usiku umenewo sindinagone. Tikiti yanga yobwerera inali ya pa 9 Okutobala.

Masiku a tchuthiwo ndikanangokhala m'chipinda n'kumalira, koma Mama anakana. Iwo anali atatumiza kale katundu wawo, ankangodikira ndege, ndiye anati tiye ukauone mzinda umene wakudyera ndalamawu. Tinayamba ndi paki ya Yuexiu, pomwe pali chosema cha mbuzi zisanu. Nthano ya kumeneko imati kalekale kunagwa njala, ndipo kunatsika amuna asanu a kumwamba atakwera mbuzi zitaluma ngala za mpunga. Anasiya mpungawo, mbuzi n'kusanduka miyala, ndipo mpaka pano anthu amautcha Mzinda wa Mbuzi. Mzindawo unakhazikitsidwa m'chaka cha 214 Yesu asanabadwe, ndi dzina loti Panyu, m'mphepete mwa mtsinje wa Pearl pafupi ndi pomwe umathira m'nyanja. Tsiku lina tinadutsa pa mzikiti wa Huaisheng, umodzi mwa mizikiti yakale kwambiri ku China. Tinangoima panja n'kuyang'ana nsanja yake yotuwa, yosalala ngati mtondo woimika. Amalonda Achiarabu ndi a ku Persia ankafika kuno pa zombo zaka zoposa 1,000 zapitazo ndipo anali ndi dera lawo lokhalamo. Ndinaganiza za Xiaobei. Kusunga alendo ogula m'dera lawolawo si zachilendo mumzinda umenewu.

Koma pomwe panandigwira mtima ndi pa Shisanhang. Lero ndi msika wa zovala umene umatsegula mbandakucha n'kutseka dzuwa lisanapendeke, anyamata akuthamanga ndi matumba akuluakulu pa tingolo. Dzinalo limatanthauza nyumba 13 za malonda, ndipo chapafupi pali kanyumba kosungira mbiri yake. Mu 1757 mfumu Qianlong inalamula kuti azungu onse obwera panyanja azichitira malonda padoko limodzi lokha, la Guangzhou, lomwe iwo ankalitcha Canton. Kwa zaka 85 tiyi, silika ndi mbale zadothi zopita ku Ulaya ndi ku America zinkadutsira pakamtunda kameneko. Mlendo sankaloledwa kulowa mkati mwa linga la mzinda, ndipo sankagula kwa aliyense amene wamufuna. Ankayenera kudzera mwa amalonda ochepa ovomerezeka ndi boma, ndiponso mwa omasulira. Mmodzi wa amalondawo, Wu Bingjian, amene azungu ankamutcha Howqua, anali mmodzi wa anthu olemera kwambiri padziko lonse m'nthawi yake. Ndinaima pamenepo n'kumayang'ana zithunzi za nyumba zija ndi mbendera zake, ndipo chala cha ajenti wanga chinabwereranso m'maso mwanga. Mumzinda uno, munthu woima pakati pa wogula wosadziwa chinenero ndi mwini katundu wakhala akudya bwino kwa zaka mazana. Si kuti ntchitoyo ndi yoipa. Popanda iye ine sindikanadziwa ndi khomo lomwe. Koma wogula amayenera kudziwa kuti wapakatiyo akudya zingati.

Mbiri yake ili ndi magazi. Angelezi, posowa choti agulitse kwa Atchaina posinthana ndi tiyi, anayamba kulowetsa opium wochokera ku India, mankhwala amene anawononga anthu ambiri. Mu 1839 nduna Lin Zexu inalanda mabokosi oposa 20,000 n'kuwawonongera ku Humen, kumunsi kwa mtsinje womwewo. Nkhondo inabuka, China inagonja, ndipo pangano la ku Nanjing la 1842 linapereka chilumba cha Hong Kong kwa Angelezi n'kutsegula madoko asanu. Tinayenda pa Shamian, kachilumba kamene pambuyo pake Angelezi ndi Afalansa anagawana. Nyumba zake za makhonde ndi mitengo ikuluikulu zinandikumbutsa nyumba zakale za boma ku Zomba. Ngakhale m'zaka zomwe China inali yodzitsekera, khomo la Guangzhou silinatsekedwe kotheratu: Canton Fair inayamba mu 1957. Ndiye pamene mtsogoleri wa China Deng Xiaoping anayamba kumasula chuma mu 1978, ndipo Shenzhen n'kupatsidwa malamulo apadera a malonda mu 1980, chigawo chimenechi chinali chodziwa kale kugulitsa kwa alendo. Ndalama za ku Hong Kong zinawoloka, minda ya mpunga n'kusanduka mafakitale. Usiku tinkaona nsanja ya Canton Tower, ya mamita 600, ikusinthasintha mitundu patsidya la mtsinje, ine mtima uli pa makatoni anga.

M'mawa wina Mama ananditengera kukamwa tiyi ndi mayi wa Chitchaina amene amawagulitsa zikwama kwa zaka 9. Kumeneko amati yum cha, ndipo ndi mwambo waukulu wa anthu a ku Guangzhou, amene chinenero chawo ndi Cantonese, chosiyana ndi Mandarin wa kusukulu ndi m'maofesi. Tisanadye, mayiyo anatsuka makapu ndi timitengo todyera m'tiyi wotentha n'kukhuthulira m'mbale yapakati. Kunabwera timadengu tansungwi tofuka nthunzi, muli timaphukusi ta ufa wopyapyala moti nkhanu ya mkati inkaonekera. Wina akakuthirira tiyi, umagogoda patebulo ndi zala ziwiri, ndiko kuthokoza. Tiyi akatha m'ketulo, umangotsegula chivundikiro pang'ono, wogwira ntchito amadziwa yekha. Ola lathunthu linatha akufunsana za ana ndi za mwendo wa Mama umene unkawavuta. Za zikwama anakamba mphindi zochepa kumapeto, ndipo ndinamva mayiyo akuvomera kuti ndalama yotsala adzalandira katundu akafika ku Dar es Salaam. Ine ndinali nditapereka ma yuan 10,080 kwa anthu amene ngakhale nambala yawo ya foni ndinalibe.

Mama ananyamuka pa 8 Okutobala. Asanapite anandiuza kuti nditumize zovala za ana nthawi yomweyo, zisadikire nsapato. Ndinakana, poopa kulipira kawiri zokiliyira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zovala zija zikananyamuka sabata imeneyo, zikanapeza Khirisimasi, ndipo ngongole ya kubanki mkhonde ikanabwezedwa ndi zimenezo zokha.

Tchuthi chitatha, yankho linali lakuti masiku 15 aja amayamba kuwerengedwa tsopano. Ndinasintha tikiti. Kenako anati zidendene zachedwa kuchokera kufakitale ina, tidikire masiku ena. Ndinasinthanso. Kusintha kuwiriko kunandidya madola 400. Pa 15 Okutobala Canton Fair inatsegulidwa ku Pazhou, ndipo bedi lomwe lija la ma yuan 120 linafika pa 250. Ndinayamba kudya kamodzi patsiku.

Pa 17 ndinalimba mtima n'kupita ndekha kushopu ija. Ndinali nditaphunzira mawu awiri, duo shao qian, kutanthauza kuti ndalama zingati. Ndinapeza mtsikana wina amene sankandidziwa. Ndinaloza nsapato yomwe ija n'kufunsa. Anatenga kalikuleta n'kulemba 23. Ndinamva kuzizira m'mimba. Ma yuan 5 pa peyala, mapeyala 1,200, ndiye kuti ma yuan 6,000, pamwamba pa 5 peresenti imene tinagwirizana kuti ndi malipiro ake. Nditamufunsa madzulo sanakane n'komwe.

"Sister, kuno timadya choncho. Ukufuna katundu wako kapena ayi?"

Ndinalibe pogwira. Lisiti linali m'dzina lake, dipoziti inadutsa pa foni yake, ndipo kwa eni shopu kasitomala anali iyeyo. Amene mukupita, chonde: lisiti lilembedwe m'dzina lanu monga lilili m'pasipoti, likhale ndi chidindo chofiira cha shopu, ndipo mutenge WeChat ya mwini shopu pamaso pa ajenti wanu. WeChat imamasulira yokha mauthenga, ndiye mukhoza kulemberana naye ngakhale simudziwa Chitchaina. Kalikuleta muzilandira ndinu. Ndipo za malipiro a ajenti mugwirizane poyera musananyamuke kwanu. Ajenti woona sakwiya ndi zimenezi.

Tsopano visa inali kutha. Masiku 30 amawerengedwa kuyambira tsiku lotsatira limene walowa. Pa 19 ndinayamba kufunsa zoonjezera, ndipo ndinauzidwa zinthu ziwiri: pempho limayenera kuperekedwa kutatsala masiku 7 kuti visa ithe, ndiponso pamafunika kapepala kolembetsera malo ogona kaja, komwe ine ndinalibe. Kusalembetsa pakokha ndi mlandu umene chindapusa chake chimatha kufika ma yuan 2,000. Kupyola masiku a visa ndi ma yuan 500 tsiku lililonse mpaka 10,000, kapena kutsekeredwa masiku 5 mpaka 15, ndipo ukhoza kuletsedwa kudzabweranso. Ku Xiaobei ndinaonako anthu amene visa zawo zinatha kalekale, akuyenda mozemba, osatha kubwerera kwawo. Sindinafune kukhala mmodzi wa iwo. Ndinasankha kunyamuka pa 24, nsapato ndisanazione.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri, ndipo palibe amene ndingamuloze chala. Mama anali atandisiyira nambala ya mtsikana wina wa Chitchaina amene ntchito yake ndi kuyendera katundu m'malo mwa ogula: amatsegula makatoni, amawerenga, amayeza, amatumiza zithunzi, ndipo ndalama yotsala imaperekedwa iye akavomereza. Ankafuna ma yuan 500. Ndinayang'ana zimene zinatsala m'kachikwama, ndinaganiza za minibasi ndi chakudya cha ana ndikafika, n'kunena kuti ayi. Ndinasiya ma yuan 23,520 m'manja mwa munthu yemwe ndinkadziwa kale kuti wandidya.

Pa 3 Novembala ananditumizira zithunzi za makatoni 50 omatidwa bwino, dzina langa litalembedwa pambali. Ndinathokoza Mulungu. Koma katundu wochepa ngati wanga sakhala ndi kontena yakeyake, amaphatikizidwa ndi wa anthu ena, ndipo kontena sinyamuka isanadzaze. Yathu inachoka padoko la Nansha kumapeto kwa Novembala. Mtengo wonyamulira amawerengera malo amene katundu watenga, ma kiyubiki mita amene amawatcha ma CBM, osati kulemera kwake. Wanga anakwana 7, pa madola 300 iliyonse, zonse madola 2,100 olipira katundu akafika. Nsapato zinabwera chilichonse m'kabokosi kake, ndiye ndinalipirira mpweya wambiri. Odziwa amauza fakitale kuti ichotse mabokosi n'kuika m'mapepala apulasitiki.

Pa 9 Novembala ndalama ya kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola imene kubanki inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Madola 2,100 aja, amene ndinkawawerengera pafupifupi K2.5 miliyoni, anasanduka K3.57 miliyoni, ndipo msonkho wa pachipata unakweranso chifukwa umawerengedwa pa mtengo wa katundu m'makwacha. Zimenezi sindikanaziletsa, koma zovala za ana zikananyamuka kumayambiriro kwa Okutobala, bwenzi zitandipatsa poyambira.

Khirisimasi inandipeza ndi mashelefu opanda kanthu, anzanga oyandikana nawo akugulitsa mpaka usiku. Tsiku logawana ndalama kubanki mkhonde ndinaimirira pamaso pa amayi 20 n'kuwauza kuti ndilibe. Mayi wapampando anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, ndalama zimenezi ndi za feteleza wa anzanu. Mwatiika pati?"

Ndinalibe choyankha. Ndinagulitsa filiji ndi makina osokera kuti ndipereke theka, lotsalalo anandilola kubweza ndi chiwongoladzanja. Bambo a kunyumba sanandikalipire. Ankangotuluka madzulo n'kukaima pa nyumba yathu yopanda denga, mvula ikugwera pa zipupa, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa mawu.

Katundu anafika pa 30 Januwale 2024, kudzera ku Beira ndi pachipata cha Mwanza. Ndinadula tepi ya katoni yoyamba manja akunjenjemera. Nsapato inali yomwe ija, yokongola, yosokedwa bwino. Ndinaitembenuza kuti ndione kunsi: 35. Ina 36. Katoni iliyonse inali ndi saizi 35 mpaka 40, mapeyala anayi pa saizi iliyonse, momwe amapakirira za amayi a ku China. Kuonjezera apo chikombole chawo ndi chopapatiza, moti 40 yawo inkakwana munthu wa 39. Ndinathamangira lisiti lija. Pakati pa zilembo za Chitchaina panali manambala amene mwana wa sitandade 2 akanawerenga: 35-40. Ndinayenda nalo m'chikwama miyezi inayi. Fakitale inapanga ndendende zimene zinalembedwa. Kaya ajenti anaiwala kunena, kaya anaona kuti saizi zazikulu zifuna chikombole china ndi mtengo wina, lisiti linali m'manja mwanga tsiku lomwelo ndipo nthawi yokonza inalipo.

Za 39 ndi 40 zinatha m'masabata atatu, pa mtengo wabwino, ndipo zinandionetsa kuti diso langa silinalakwe. Za 37 ndi 38 zinkayenda pang'onopang'ono. Mapeyala 400 a 35 ndi 36 ndinawagulitsa mopikulitsa kwa mavenda ndi kwa atsikana a sekondale pamtengo wosafika ndi womwe ndinagulira. Madiresi a Khirisimasi anadikira Isitala. Nditawerengera zonse, tikiti, kusintha tikiti, malo ogona, zonyamulira, msonkho ndi chiwongoladzanja, pa madola 8,000 aja panabwerera osakwana theka. Ngongole ya kubanki mkhonde ndinamaliza mu Juni 2024.

Ndinabwereranso ku Guangzhou mu Malichi 2025, Chaka Chatsopano chitadutsa, Canton Fair isanayambe, ndi madola 3,000 okha. Ndinagona kuhotela imene inandilembetsa tsiku lomwelo. Ndinagula katundu amene analipo kale basi, kushopu imene imapangira msika wa ku Africa, ndipo ndinapita ndi nsapato zitatu zakale za makasitomala anga, 40, 41 ndi 42, n'kumaziyerekeza kunsi kwa sampulo iliyonse. Kunyumba yosungiramo katundu ndinakhala pansi ndi mtsikana wa ma yuan 500 uja, tinatsegula makatoni onse 18. Awiri anali a mtundu wofiirira m'malo mwa wakuda. Analembera mwini shopu pa WeChat, ndipo pofika madzulo mnyamata anabwera nawo ena pa kangolo n'kutenga olakwikawo. Ulendo wonse unali wa masiku 9, katundu anafika patatha masabata 10, ndipo phindu lake ndi limene linagula malata oyamba 20 a nyumba ija.